Airbrush ikayamba kulavula penti, yambani mwaithira madzi

Loweruka lina mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mwana wa mlongo wanga anatulukira pakhomo pano ku Senga Bay atakulunga airbrush yake, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, m'kansalu. Anachokera nayo ku Salima pa boma.

"Amalume, chinthuchi chatha. Mpweya ukutuluka, penti osatuluka. Ndikachikakamiza chikungolavula madontho. Mundithandize kupeza china."

"Waikamo penti wanji?"

"Wotsala popenta nyumba ya amayi uja. Ndinamuthira madzi pang'ono."

Ndinakhuthula kapu yake ya penti, ndinamasula kutsogolo n'kuchotsa zouma zimene zinadzaza mu nozo, kachitsulo ka kunsonga kotulukira penti, kenako ndinathiramo madzi okhaokha n'kupopera pa katoni. Anatuluka bwinobwino ngati utsi. Airbrush inalibe vuto lililonse. Penti wa PVA wa pakhoma ali ndi timibulu tikulutikulu, amatseka kabowo ka nozo ka 0.3 mm ngakhale mutamuthira madzi.

Ine ndimasema tinsomba ta mtengo, mbuna ndi chambo, nthawi zina timabwato ndi kasitima kofanana ndi Ilala. Ndimachita zimenezi kumapeto kwa sabata, pa khonde. Chimene chinandigulitsa airbrush ndi mbuna. Mukaiona m'madzi pa miyala ya ku Namalenje, mizere yake yakuda ija siidukira pamodzi ngati yojambulidwa ndi lula, imasungunukira mu buluu wa thupi lake pang'onopang'ono. Chambo nayenso chimodzimodzi, kuda kwa kumsana kumatsika n'kuzilala mpaka kufika pa kuyera kwa kumimba. Bulashi imandisiyira malire owuma. Airbrush ndi imene imatha kusungunula mitundu chonchi, koma ikakhala kuti ikuyenda bwino, ndipo miyezi yoyambirira yanga siinkayenda bwino kawirikawiri.

Muyenera kudziwa kaye mmene kachipangizoka kamagwirira ntchito, chifukwa mukadziwa simuvutika kupeza pamene pavuta. Mkati muli singano yaitali imene nsonga yake imatseka kabowo ka nozo. Mukakoka batani cham'mbuyo singano imabwerera, kabowo n'kutseguka. Mpweya suyenda njira imodzi ndi penti. Umadutsa kunja kwa nozo, pa kampata kakang'ono kwambiri pakati pa nozo ndi kachipewa kamene kamaiphimba, ndipo liwiro lake ndi limene limayamwa penti n'kumuphwanya kukhala utsi. Ndiye zinthu ndi zitatu basi: penti, mpweya, ndi kutsogolo kumene ziwirizi zimakumana. Vuto lililonse lili pa chimodzi mwa zitatuzi.

N'chifukwa chake ndimati musanamasule chilichonse, musanadandaule za amene anakugulitsani, khuthulani penti, tsukani kapu, thiranimo madzi oyera, ikani geji ya mpweya pa 20 PSI (PSI ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya) ndipo mupopere pa katoni kapena pa pepala lakuda. Madzi akatuluka mosalala, mozungulira bwino, kuyamba ndi kusiya pamene chala chanu chalamula, dziwani kuti vuto ndi penti wanu. Akatuluka modukizaduka, chammbali, kapena mu kapu mukawira thovu, vuto lili kutsogolo. Mpweya weniweniwo ukamamveka wofooka kapena wodumphadumpha, pitani ku kompresa, makina opopa mpweyawo, ndi paipi. Kuyesaku sikutenga mphindi ziwiri, koma kwandipulumutsa masana ambiri.

Nthawi zambiri mupeza kuti ndi penti. Anthu amati akhale ngati mkaka, ndipo n'zoona, koma tinene bwino: mkaka wa ng'ombe wongokama kumene. Akakhala ngati chambiko kapena phala la mwana, walimba. Akakhala ngati tiyi wopanda mkaka, mwapyoza muyezo. Ine ndimayesa potenga dontho ndi kamtengo n'kuligunditsa m'mbali mwa kabotolo koonekera mkati. Liyenera kutsetsereka lokha mosazengereza, n'kusiya kamzere ka mtundu kamene kuwala kukudutsamo. Likaima pomwepo, onjezerani chosungunulira. Likathamanga osasiya mtundu, onjezerani penti.

Penti wa acrylic wa m'machubu, amene amapezeka m'masitolo a zolembera ku Lilongwe, ndimayamba ndi muyezo umodzi wa penti ndi umodzi wa madzi, kenako n'kumaonjezera madzi dontho ndi dontho. Woyera ndi wachikasu amavuta kuposa ena chifukwa ndi olemera, amafuna kusungunulidwa kwambiri ndipo amatseka msanga. Koma madzi ali ndi malire. Mu penti muli zomatira zimene zimamugwiritsa pa mtengo, ndipo mukachulutsa madzi zomatirazo zimachepa mphamvu: penti amaundana timadontho pa chinthu chanu, akauma n'kumachoka ndi chala. Zikafika pamenepo pamafunika acrylic medium, imene imasungunula popanda kupha zomatira. Penti wopangidwira ntchito imeneyi, monga Vallejo Model Air wa ku Spain, amabwera atasungunulidwa kale, mumangoonjezera dontho limodzi kapena awiri. Wa Tamiya wa m'timabotolo tagalasi amayenda bwino ndi thina wake wa X-20A, theka ndi theka. Chenjerani pano: Tamiya amagwirizana ndi zosungunulira zokhala ndi alcohol, pamene Vallejo mukamuthira zimenezo amatha kuundana ngati mkaka wosasa, n'kutseka nozo nthawi yomweyo. Musanasakanize penti ndi chosungunulira chimene simunachiyesepo, yesani kaye pa chivundikiro cha botolo n'kudikira mphindi zingapo.

Madzi amenenso ndi nkhani. A pa mjigo wa kwathu kuno ali ndi kamchere, amasiya zoyera mu ketulo. Posungunulira penti ndimagwiritsa ntchito madzi a batire aja ogulitsidwa pa filling station, oyera opanda chilichonse. Werengani botolo bwinobwino, mutenge madzi osati asidi. Nthawi ya dzinja ndimatchera madzi a mvula m'beseni loyera pabwalo, osati a padenga, n'kuwasefa. Sipiliti wa pepo uja ndi wabwino potsukira acrylic wouma, koma musasungunulire penti woyera, amamudetsa mtundu.

Sakanizirani m'kabotolo kapadera, osati mu kapu ya airbrush. Mukathira penti wolimba mu kapu n'kuthira madzi pamwamba, wolimbayo watsikira kale pansi kukakhala pakhomo pa nozo. Ndipo sefani. Sefa wa tiyi ndi wa maso akuluakulu. Chimene chimagwira ntchito ndi kachidutswa ka sokosi yopyapyala ya nayiloni ya azimayi, kokutidwa pakamwa pa botolo. Tsiku loyamba kusefa penti amene mumamuona ngati wosalala mudzadabwa ndi tizikopa totsalira pa nsaluyo. Kachikopa kamodzi n'kokwanira kuimitsa ntchito yonse.

Tsopano vuto la kwathu kuno kunyanja, kutentha. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, acrylic amauma pa nsonga ya singano mukadali mkati mopopera. Mumayamba bwino, patapita kamphindi mzere n'kuyamba kuwonda, mukakoka batani kwambiri chouma chija n'kuthothoka limodzi ndi penti wambiri, thapwa! pa nsomba imene mwaisema masabata awiri. Ndaononga mbuna zingapo mwa njira imeneyi ndipo zimapweteka mtima. Chimene ndimachita tsopano ndi ichi. Ndimakhala ndi kabulashi kakale kofewa m'kapu ya madzi pambali, ndipo pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri ndimapukuta nsonga, osadikira kuti ivute. Ndikapukuta ndimapopera kaye pa katoni ndisanabwerere pa nsomba. Mu penti ndimaika kadontho kamodzi kakang'ono ka glycerine wamba wopanda perefyumu, yemwe timadzola uja, pa kapu yodzaza. Amachedwetsa kuuma. Mukaika wambiri penti amakhala wonata masiku angapo, ndiye musapitirire apo. Mpweya ndimautsitsa kufika pa 15 kapena 18 PSI ngati penti ndi wosungunuka bwino, popeza mpweya wochuluka ndi umene umaumitsa nsonga. Koma chachikulu ndi nthawi: mu Okutobala ndi Novembala ndimapenta kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 8, masana ndimasema kapena kupala ndi sandipepa.

Kagwiridwe ka chala kamathandizanso. Dinani batani pansi mpweya uyambe, kenako kokani cham'mbuyo penti abwere. Pomaliza bwezani batani kutsogolo penti aleke, mpweya ukutulukabe, ndiyeno tukulani chala. Mpweya ndiwo woyamba ndiponso womaliza. Mukatukula chala batani lili m'mbuyo, dontho limatsalira pa nsonga, ndipo ndi lomwelo limene lidzalavulidwe mukadzadinanso. Ambiri amene amati airbrush yawo imalavula poyamba pa mzere uliwonse, vuto ndi limeneli. Tengani nyuzipepala yakale, muthire madzi a mtundu pang'ono, mujambule timadontho ndi timizere madzulo atatu kapena anayi mpaka chala chizolowere chokha.

Thovu mu kapu ndi chizindikiro chosasokoneza: mpweya wapeza njira yolowera kumene kumayenda penti. Yambani ndi zosavuta. Mangani kachipewa ka kutsogolo, mwina kamasuka. Onani ngati penti waumira m'kachipewamo n'kutseka kampata ka mpweya kaja, chifukwa mpweya ukasowa potulukira umabwerera m'mbuyo. Zikapitirira, nozo siinakhale bwino pamalo pake. Imasuleni, pukutani pomangira pake, mupakepo kaphula ka njuchi kochepa kwambiri, n'kuibwezera. Phula limatseka timipata popanda kumatirira. Zikakanikabe, jambulani nsonga ya nozo ndi kamera ya foni moyandikira, mukulitse chithunzicho. Mukaona kamng'alu kapena kukamwa kwake kutayasama ngati duwa, nozo yatha, palibe kukonza, pamafunika ina.

Za nozo ndiyenera kunena mwamphamvu, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaphera airbrush zawo. Pa airbrush zambiri zotsika mtengo nozo ndi kanthu kochepa ngati njere ya mpunga wa ku Lifuwu, komangidwa ndi kasipanala kobwera m'bokosi. Yanga yoyamba ndinaithyola sabata lachitatu. Ndinaona thovu, ndinaganiza kuti ndimange kwambiri, ndinangomva kuti the! theka n'kutsalira mkati. Ndinakhala miyezi iwiri osapenta, kudikira munthu wochokera ku Johannesburg kuti andibweretsere ina. Poimanga gwirani kasipanalako ndi zala ziwiri, ikangofika poima muisiye. Chinanso chimene chimang'amba nozo ndi kukankha singano mwamphamvu poibwezera. Ilowetseni pang'onopang'ono mpaka muimve kuti yagunda, osaonjezera. Ndipo pomasula nozo kapena poibwezera, bwezani kaye singano m'mbuyo. Pomasulira pakhale pa thireyi kapena pa thaulo loyera. Ikagwera mu mchenga wa pabwalo simudzaionanso.

Mkati mwa nozo musalowetsemo waya, phini kapena singano yosokera. Iviikeni mu sipiliti kapena thina mphindi khumi, kenako musongole kansungwi kapena kamtengo kotokosera m'mano kakhale kowonda kwambiri, mukazungulize mkatimo mofatsa. Mtengo sungakande chitsulo. Mukaiyang'anitsa kudzuwa muyenera kuona kabowo kozungulira bwino.

Singano yopindika nsonga imapotoza utsi kupita mbali imodzi, imagwira penti wouma msanga, ndipo mukaikoka kudutsa mu nozo imaikanda. Kuti mudziwe, igudubuzeni pa galasi kapena muikoke mofatsa pa thonje: ikakola ulusi, yapinda. Kupinda kochepa kumawongoleka poigoneka pa galasi mopendeketsa kuti nsonga igone, n'kumaizunguliza mukuisindikiza ndi chikhadabo. Idzagwira ntchito yophimba malo aakulu, koma mizere yowonda siidzabwereranso ngati kale. Singano zambiri zimapinda anthu akachotsa kachipewa koteteza nsonga kuti ajambule pafupi, kenako n'kugunditsa pa chinthu.

Pali tina timene timathetsedwa msanga. Mukakoka batani koma penti osabwera ngakhale pang'ono, tsegulani chakumchira muone kanati kogwira singano. Kakamasuka batani limayenda lokha singano ili chiimire. Penti akamatuluka mutangodina mpweya musanakoke, singano siikufika potseka: masulani kanatiko, kankhirani singano kutsogolo mofatsa, mangani, ndipo zikapitirira muli kachouma mu nozo. Airbrush ya botolo lapansi ikaleka kuyamwa, onani kabowo kakang'ono ka pa chivundikiro cha botolo, kamatsekeka ndi penti ndipo popanda iko penti sakwera. Penti akafika pa chinthu n'kumwazika timiyendo ngati kangaude, ndiye kuti ndi wamadzi kwambiri, kapena mwayandikira kwambiri, kapena mpweya wachuluka. Akauma n'kumamveka ngati mchenga, akuumira m'malere asanafike: yandikirani, tsitsani mpweya. Pophimba thupi lonse la nsomba ndimakhala pa mtunda wa masentimita 10 mpaka 15, pa mizere ya mbuna masentimita awiri kapena atatu. Batani likamalimba kapena kuchedwa kubwerera, singano ili ndi penti wouma m'thupi mwake. Itulutseni, ipukuteni, muipake kadontho ka glycerine. Mafuta a makina osokera kapena a galimoto asayandikire, akalowa mu penti amasiya timaenje tozungulira.

Dzinja limabwera ndi lake. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya wa kunyanja kuno umakhala ndi chinyezi chambiri. Kompresa ikaupanikiza umatentha, ukamazizira mu thanki ndi mu paipi chinyezicho chimasanduka madzi. Mumapenta bwinobwino theka la ola, mwadzidzidzi airbrush n'kulavula madzi oyera amene akusukulutsa penti pamalo amodzi. Apa penti ndi nozo zilibe mlandu. Pansi pa leguleta, chochepetsera ndi kuonjezerera mpweya pa kompresa, pamakhala kabotolo koonekera mkati kogwira madzi. Kakhuthuleni musanayambe ndiponso pakati pa ntchito. Koma kameneka kali pafupi ndi kompresa, pamene mpweya ukadali wofunda, ndiye madzi ena amadzapangika kutsogolo mu paipi. Chimene chinathetsa vutoli kwa ine ndi kogwira madzi kachiwiri, kakang'ono, komangidwa pansi pa airbrush penipeni. Ndipo pansi pa thanki pali kabawuti kotulutsira madzi. Tulutsani kaye mpweya, mukamasule kamodzi pa sabata. Madzi ofiira amene amatuluka ndi dzimbiri, ndipo thanki yodyeka ndi dzimbiri ndi yoopsa.

Nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julayi, kuzizira kumathandiza penti koma mphepo imauluza utsi n'kubweretsa fumbi. Ndimaika chinthu m'katoni yaikulu yogoneka chammbali, kumsana kwake kutaloza kumene mphepo ikuchokera. Usiku sindipenta, tizilombo tobwera ku nyali timatera pa penti wosauma.

Za kutsuka sindichulutsa. Posintha mtundu khuthulani, pukutani kapu, thirani madzi, tsekani kutsogolo ndi kansalu mukudina ndi kukoka pang'ono kuti mpweya ubwerere mu kapu n'kutakasa zotsalira, tayani madziwo, mupopere ena oyera mpaka atuluke opanda mtundu. Pomaliza ntchito tulutsani singano muipukute. Nozo musamaimasule tsiku lililonse, kumasulamasula ndi kumene kumaiononga. Airbrush yonse musaiviike mu thina, mkati muli timalabala timene timafufuma n'kuphwanyika, makamaka pa valavu ya mpweya. Mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia amadya chitsulo chonyezimira cha mu kapu. Ndipo musanene kuti ndikatsuka ndikadya nsima. Kuno acrylic sadikira.

Nanga pogula, musankhe yotani?

Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero ndikanatenga ya double action, ya kapu yapamwamba, ya nozo ya pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm. Double action ndi ija yakuti batani limodzi likulamula mpweya mukadina ndi penti mukakoka. Ya single action, monga Paasche H ya ku America, imatulutsa zonse pamodzi ndipo kuchuluka kwa penti mumakukonza padera. Ndi yolimba, yosavuta kutsuka, yabwino kwa munthu wofuna kungophimba mtundu umodzi kapena vanishi, koma mizere yosungunuka ya mbuna simungaijambule nayo momasuka. Kapu yapamwamba ndimaikonda chifukwa penti amatsika yekha, ndiye imagwira ntchito ndi mpweya wochepa ndiponso ndi madontho asanu okha a penti. Kwa ife amene kabotolo kamodzi kamachokera kutali, zimenezo ndi zazikulu. Ya botolo lapansi imafuna mpweya wa 25 PSI kupita m'mwamba ndi penti wambiri, ndipo ndi yoyenera olemba zikwangwani ndi ojambula pa malaya.

Ambiri amakopeka ndi 0.2 mm poganiza kuti kabowo kakang'ono ndiko kojambula bwino. Kwa woyamba, kuno kotentha, ndi penti wa m'machubu, 0.2 ndi mavuto okhaokha: imatseka pafupipafupi ndipo singano yake imapinda ndi kungoikhudza. Ndi 0.35 ndimajambula timadontho tachikasu ta pa chipsepse cha kumunsi cha mbuna yaimuna popanda vuto. Kuwonda kwa mzere kumachokera pa kuyandikira, mpweya wochepa ndi chala chodekha. Ya 0.5 ndi yabwino pa penti woyamba wapansi, vanishi ndi zinthu zikuluzikulu.

Koma chimene ndimayang'ana choyamba, kuposa dzina, ndi mmene nozo imakhalira. Pa Iwata Eclipse HP-CS ya ku Japan, ya 0.35 mm, nozo ili pa kachitsulo kokulirapo kamene mumangokaika n'kukhala pakati pokha, kogwirika ndi zala. Za Harder & Steenbeck za ku Germany nazonso nozo yake siimangidwa ndi sipanala, imangolowetsedwa n'kugwiridwa ndi kachipewa. Badger Patriot 105 ya ku America, ya 0.5 mm, nayo ndi yotero, ndipo imapirira penti wolimbirapo. Zoterezi mumatsuka mopanda mantha. Ndi zodula, inde, ndipo sindingauze munthu amene sanagwirepo airbrush kuti ayambire pamenepo ngati ndalama ndi yovuta. Zotsika mtengo za ku China zimapenta ndithu, ine ndinaphunzirira pa yoteroyo. Mukatenga imeneyo, itanitsani nthawi yomweyo manozo awiri ndi masingano awiri apadera a saizi yomweyo, popeza nozo, singano ndi kachipewa ziyenera kukhala za saizi imodzi. Ku Salima kuno simungalowe m'sitolo n'kupeza nozo, ndipo ngakhale mutakwera minibasi makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe mukhoza kubwerako chimanjamanja. Airbrush yodula imene zipangizo zake simungazipeze ikuposedwa ndi yotchipa yokhala ndi zapadera m'kabati.

Funsaninso za timalabala ta mkati. Ngati mudzagwiritse ntchito thina wa magalimoto, pamafunika ta PTFE, amene ena amati Teflon, chifukwa labala wamba amasungunuka. Onaninso pomangira paipi. Iwata, Harder & Steenbeck ndi zambiri za ku China zimagwiritsa ntchito saizi imodzi ya 1/8, pamene Badger ndi Paasche zili ndi yawoyawo ndipo zimafuna adaputala. Ndi kanthu kotchipa, koma kakasowa mukhala mukuyang'ana bokosi mwezi wathunthu.

Ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chabwino, ndingakonde chikhale kompresa. Ikhale ndi thanki, leguleta, geji ndi kogwira madzi. Yofala ndi ya mtundu wa AS-186, ya thanki ya malita atatu, imene imadzizimitsa ikafika pa 4 bar n'kudziyatsa ikatsika pa 3 bar. Bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 PSI. Thanki imachotsa kudumphadumpha kwa mpweya ndipo injini imapuma, zimene zili zofunika mu Novembala. Geji muziiwerenga mutadina batani, mpweya ukutuluka, chifukwa imatsika mukayamba kupopera. Poitanitsa kunja onetsetsani kuti ndi ya 220 mpaka 240 V. Magetsi athu ndi a 230 V, ndipo za ku America za 110 V zimapsa mukazilumikiza mwachindunji. Magetsi akazima malita atatuwo satenga nthawi, amangokwana kutsukira airbrush, ndipo muzichita zomwezo msanga penti asanaume. Ubwino wake kompresa yotere siidya moto wambiri, yanga imayenda pa inveta ya sola ya panyumba. Kompresa yaikulu ya opopa matayala imagwiranso ntchito mukaika leguleta ndi sefa ya madzi ndi mafuta. Ena amapanga yawo ndi injini ya firiji, imakhala yachete ndithu, koma imatulutsa mafuta mu mpweya, ndipo popanda valavu yotulutsa mpweya ukachuluka ndi chozimitsa chokha, sindingalole mwana wanga kukhala pafupi nayo.

Mapapo anu muwasamale. Utsi umene suoneka uja umalowa m'chifuwa, ngakhale wa penti wa madzi. Pa acrylic valani masiki yogwira fumbi losalala yokhala bwino pankhope, osati kansalu. Pa penti wa thina kapena wa mafuta pamafunika masiki ya mafyuluta a mankhwala, ndipo muzipentera panja, ana ali kutali. Penti wa magalimoto wa 2K, wosakaniza ndi mankhwala olimbitsa otchedwa hardener, musamupopere pakhomo ngakhale mnzanu wa ku galaja atakupatsani waulere. Ali ndi mankhwala a isocyanate amene amayambitsa mphumu yosachoka.

Mukapeza yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zimene amagulitsa ometa kapena okongoletsa makeke, musalipire musanaiyese. Pemphani madzi, mupopere pa katoni. Onani ngati mu kapu mukuwira thovu, ngati madzi akuleka mukabweza batani, ngati mpweya ukuleka mukatukula chala. Tulutsani singano muigudubuze pa galasi la foni. Masulani kachipewa mujambule nozo.

Mwana wa mlongo wanga uja sanagulenso ina. Ndinamugawira buluu ndi wakuda m'timabotolo ta mankhwala totsuka bwino, kachidutswa ka sokosi, ndi kaphula kokulunga m'pepala. Ndalama imene anasungira airbrush yatsopano tinaitanitsira manozo awiri a 0.3, masingano awiri ndi kogwira madzi kakang'ono kaja, kuti kafike mvula isanayambe. PVA wotsalayo anakapentera khola la nkhunda ndi bulashi.